Pikiapu Yomwe Inapendekeka Itanyamula Maliro

Ndikukumbukira pikiapu yoyera ya bambo anga, ngakhale kuitchula kuti yoyera n'kuilemekeza chabe, chifukwa dothi la pa Phiri la Zomba linali litaidya mtundu kalekale. Bambo anaigula atapuma pa ntchito ya ukalaliki ku nkhalango, zaka zoyambirira za matipate, nthawi imene aliyense wokhala ndi matayala anayi ankachita matola. Tinkakhala pamwamba pa phiri, chakufupi ndi mtsinje wa Mulunguzi, m'nyumba yomwe inkanunkhira utomoni wa paini chaka chonse. M'mawa bambo ankatsitsa amayi ogulitsa mbatatesi, masitiroberi ndi magalagadeya kupita nawo kumsika wa m'tauni, madzulo n'kukwera nawonso. Masiku ena ankanyamula matabwa a anthu ocheka. Bambo ankati galimotoyo ndi munda wathu, ndipo munda sauseweretsa.

Inali ndi matenda awiri amene tonse tinkawadziwa. Batire inali yofooka, ndipo handibuleki inafa tisanaigule n'komwe. Choncho inkagona pa mtsetse wa pakhomo, mphuno italoza kumunsi, kuti m'mawa ingogubuduka pang'ono n'kulira yokha. Chomwe chinkaigwira kuti isathawe chinali giya, komanso mwala waukulu ngati dzungu womwe tinkaika kutsogolo kwa tayala. Mwalawo unali udindo wanga. Ine Delifa, mwana wa Sitandade 5, wa zaka khumi ndi chimodzi, ndinkauika bambo akangoimika galimoto, n'kuuchotsa m'mawa akandikodola. Anzanga ndinkawauza kuti popanda ine galimoto ya kwathu siyenda, ndipo sindinkanama kwenikweni.

Kumunsi kwa nyumba yathu kunkakhala a Sitefano, bambo wowonda wocheka matabwa, kwawo kunali cha ku Jali. Akazi awo tinkangowaitana kuti amake Tobiyasi. Ankagulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu limodzi ndi amayi anzawo, ndipo anali munthu woseka kwambiri. Tobiyasi anali kamwana kongoyamba kumene kuyenda, kolemera ngati thumba la mchere, ndipo ine ndiye ndinali womubereka. Ankanditafunira kolala ya diresi mpaka kunyowa. A Sitefano anadwala nthawi yaitali, chifuwa ndi kutupa miyendo, mpaka anatisiya m'nyengo ya chiperoni, sukulu zitatsekera. Bambo anapereka galimoto ulele kuti ikatule maliro kumudzi. Linali Loweruka. Ndinaona ndi maso anga akukweza bokosi, analigoneka mbali ya kumanzere, amayi oimba n'kukhala mbali inayo. Amake Tobiyasi anakhala pafupi ndi bokosilo, dzanja limodzi ataligwira.

Lolemba lake masana bambo anafika atapakira matabwa aawisi, oti akatule m'tauni m'mawa mwake. Anaimika galimoto pamalo ake n'kupita wapansi kukaonana ndi ocheka aja. Mayi anali kumtsinje. Ine ndinayenera kuika mwala, koma nditaona chitseko chili chosakiya, mtima unati bwanji ndiyambe ndayendetsako pang'ono, mwala ndiika kenako. Ndinalowa, n'kukhala pampando wa bambo womwe unali wofundabe. Ndinkapotokola chiwongolero uku ndikulira ngati injini, ndikuitanira anthu a ku Chinamwali, a ku Matawale. Kenako ndinati dalaivala weniweni amasintha giya. Ndinakankha kamtengo kaja ndi manja awiri, n'kumva kafewa.

Mayo ine! Mitengo ya paini inayamba kuyenda. Galimoto inatsetsereka mwakachetechete, ikukhotera kumanzere kumene ndinasiya chiwongolero. Cha komweko kunali dzenje la miyala momwe ngalande ya madzi a mvula inkathera. Tayala lakutsogolo linalizemba, koma lakumbuyo linagweramo ndi kulemera konse kwa matabwa aja. Ndinamva kuti khu! kenako pansi pa galimoto china chake chinalira kuti thwa! ngati nkhuni youma ikuthyoka. Tayala linatulukamo lokha. Ndinatsetsereka pampando n'kuponda buleki ndi miyendo yonse iwiri monga ndinkawaonera bambo, ndipo inaima. Ndinabwezera giya mokakamiza, ndinathamangira mwala uja, n'kutenga tsache kusesa mapazi a matayala bwalo lonse.

Bambo anabwera chifunga chitatsika kale. Anaima, n'kuyang'ana galimoto, n'kuyang'ana pamene inkakhala masiku onse. "Kodi ndinaimika pano?" anadzifunsa okha. Ine ndinali pakhonde ndikusenda mbatatesi, mutu uli pansi. Anapukusa mutu n'kunena kuti maliro aja awatopetsa, ayamba kuiwala ngati nkhalamba. Analowa m'nyumba. Ndinati ndapulumuka, osadziwa kuti mlandu suola.

M'mawa mwake anatsika ndi matabwa. Pobwera, galimoto ilibe kanthu, ndinaiona ikukwera kamtunda ka kwathu itapendekeka, ngati munthu wonyamula ndowa ya madzi dzanja limodzi. Kumbuyo kwake, mbali ya kumanzere, kunali kutatsika. Bambo anali munthu wa mapepala, za zitsulo ankangozidziwa pamwamba. Anagwada n'kusuzumira pansi, koma anangoona matope ndi dzimbiri. Anapopa tayala la mbali imeneyo mpaka thukuta kamukamu, osasintha. Anasinthanitsa matayala, lakumanja kupita kumanzere, galimoto inapendekekabe komweko. Anaigwedeza, anaizungulira, mpaka anaifunsa kuti yatani, ngati ingayankhe.

Amene anayamba kunena anali mayi wina wogulitsa mbatatesi, wa pakamwa posachedwa. Lachitatu m'mawa anafika ndi dengu lake, n'kuima chapatali. Anayang'ana galimoto nthawi yaitali, kenako anati chapansipansi, "A Sitefano sanatsike." Basi, mawu atatu okhawo. Kwathu kuno tonse tinakula tikumva kuti maliro akakhala ndi dandaulo amakana: galimoto imazima panjira popanda chifukwa, bokosi limalemera mpaka onyamula kulephera. Ndiye apa galimoto inali itatsika mbali yomweyo imene panagona bokosi. Amayi onse anakwera n'kuunjikana kumanja, wina pamiyendo pa mnzake, mbali ya kumanzere n'kuisiya yokha. Kulemera kwawo kunachititsa kuti galimoto ioneke yowongoka, ndipo iwo anati mwaona, munthu mmodzi akulemera ngati ife tonse. Pofika Lachisanu anasiyiratu kukwera. Ankatsika wapansi kudzera kanjira ka m'nkhalango, madengu ali pamutu.

Zikanathera pa bambo kusowa okwera, mwina ndikanapirira. Koma anthu anayamba kufunsana kuti malemuwo akudandaula chiyani, ndipo yankho analipeza msanga. Ankati amake Tobiyasi anawadula amuna awo, ndiye kuti ankayenda njira zina kwinaku akuthira mchere m'ndiwo, nanga si miyendo inatupa. Ine nthawi imeneyo sindinkamvetsa kuti mchere ukulowa bwanji pankhaniyi, koma zotsatira zake ndinkaziona. Kumsewu amayi anzawo anasuntha timatebulo tawo, iwo n'kutsala okha pakona, masitiroberi akuwolera m'mbale. Kumtsinje akafika, macheza ankati zii. Kenako kunabwera uthenga wochokera ku Jali. Amalume a malemu anati Loweruka la sabata yotsatira abwera ndi abale kudzaiona okha galimotoyo, ndipo akapeza kuti n'zoona, Tobiyasi amutenga, chifukwa mwana wawo sangakulire m'manja mwa munthu wotero.

Abale inu, masiku amenewo sindidzawaiwala. Tsiku lililonse ndinkapitabe kukabereka Tobiyasi, ndipo amake ankandimangirira okha nsalu kumsana, n'kunena kuti, "Iwe wekha ndiye ukubwerabe kuno, Mulungu akudalitse." Mawu amenewo ankandiwawa kuposa chikoti. Katatu konse ndinapita kwa mayi kukhitchini kuti ndiulule, katatu konse ndinafunsa zina. Tsiku loyamba lija, mlandu wanga unali wa zikwapu zitatu basi. Koma unkakula tsiku ndi tsiku, ndipo pamene unkakula ndi pamenenso pakamwa panga pankalemera. Ndinkadzifunsa kuti ndikanena lero, andifunsa kuti dzulo unali kuti, ndiyankha chiyani?

Nzeru za mwana n'zoseketsa. Ndinaganiza zokonza ndekha. Bambo atachoka, ndinatuta dothi ndi beseni n'kuunjika pamene tayala lakumanzere linkaima, ndinapondaponda, n'kuwazapo masamba a paini kuti pasaoneke. Madzulo galimoto itakwera pa kachulu kangako inaima chilili, yowongoka bwinobwino. Bambo anasangalala mpaka anaitana mayi kuti adzaone. M'mawa itangochoka pakhomo inapendekekanso. Nkhani inafika kumsewu dzuwa lisanakwere, ndipo inafika itakula. Ankati malemu akafika pafupi ndi nyumba yawo amatsika kukazonda mkazi wawo, m'mawa n'kukweranso. Ndinafuna kuzimitsa moto koma ndinathirapo palafini.

Mayi anayesa kuwanong'oneza bambo kuti aitane munthu wodziwa adzatsuke galimoto ndi mankhwala, anthu aone kuti tachitapo kanthu. Bambo anali mkulu wa mpingo ndipo anakana kwamtuwagalu. Anati akachita zimenezo ndiye kuti avomereza kuti mayi uja ndi wolakwa, komanso matenda a chitsulo amachira ndi chitsulo. Lachisanu, kutatsala tsiku limodzi kuti a ku Jali afike, anati tikupita kwa Che Amidu, makaniko wa ku Chinamwali. Ananditenga chifukwa cha mwala uja, poti galimoto yopanda handibuleki siima paliponse popanda munthu wake.

Msewu wotsika phiri ndi wopapatiza komanso wokhotakhota, mbali imodzi khoma la miyala, mbali ina phompho. Masiku onse ndinkakonda kusuzumira kuona tauni yonse pansi, madenga a ku Chirunga, ndi nyanja ya Chilwa ikunyezimira kutali. Tsiku limenelo sindinaone chilichonse. Pakona iliyonse galimoto inkagonera kumanzere kumene ndinakhala, pansi pakulira kuti kwe, kwe, fungo la mabuleki otentha likulowa pawindo. Tinadutsa amake Tobiyasi ali okha pakona pawo, mwana ali kumsana. Bambo anawaimbira hutala, iwo anakweza dzanja pang'ono. Ine ndinkangopemphera pemphero limodzi, loti Che Amidu akonze galimoto koma asadziwe chomwe chinachitika.

Galaja yake inali pansi pa mtengo wa mango, dothi lake lakuda ndi oyilo, paliponse mitembo ya magalimoto. Che Amidu anali bambo wamfupi wa kofiya woyera, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti kofiyayo ankamusunga bwanji osada. Sanathamangire sipanala. Anauza bambo kuti aimike galimoto pa simenti ina yosalala, anatenga kansungwi, n'kukaimika pansi pafupi ndi tayala lakumanja, n'kulemba ndi mpeni pamene panafika m'mphepete mwa bode, kumbuyo kokwezako katundu. Anapita nako kumanzere. Panatsala mpata, ndipo anauyeza ndi dzanja. "Zala zinayi," anatero. Anyamata ake anakweza galimoto ndi jeke n'kuikhazika pa zitsa. Iye anagona chagada pa katoni n'kulowa pansi.

Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti kumbuyo kwa pikiapu kumakhala pa masipuling'i, zitsulo zazitali zopindika zosanjikizana, zomangidwa pakati ndi mabawuti. Mabawutiwo anali atagwirana ndi dzimbiri. Anawathira oyilo wakuda, kuwamenya ndi hamala, mnyamata wina mpaka kuponda sipanala ndi mwendo. Kumenya kulikonse ndinkakumva m'mano. Atamasula n'kutulutsa mtolo wonse wa zitsulo, chachiwiri kuchokera pamwamba chinagwa pansi chili zidutswa ziwiri. Chinathyokera pakati penipeni, pobisika ndi mabawuti, n'chifukwa chake bambo sanachione. Che Amidu anatola zidutswazo, anaziyang'ana pothyokapo, n'kuziika pambali. Ine ndinakhala pa tayala lakutha.

Chitsulo chofanana nacho panalibe. Anakafukula pamulu wa zakutha n'kupeza china cha galimoto yokulirapo, chonenepa. Anachidula ndi sowo, anachiboola pakati, anachisanjika pamalo pa chothyoka chija n'kumanga. Dzuwa linali litafika paliwombo pamene anatsitsa jeke. Anabweretsa kansungwi kaja, ndipo bambo anagwira pakamwa. Galimoto inali itapendekekanso, koma tsopano kumanja! Mbali yodwala ija inali itakwera kuposa inzake ndi zala ziwiri. "Koma inu Che Amidu, mukufuna anthu anene kuti malemu asintha mpando?" anatero bambo, osaseka n'komwe. Che Amidu ndiye anaseka mpaka kutsokomola. Anati munthu sagula nsapato ya mwendo umodzi, chitsulo chatsopano chikalowa uku chiyenera kulowanso uko. Anamasula mbali ya kumanja, n'kuikamo chinzake cha chitsulo chonenepa chija.

Atamaliza anakweza anyamata ake onse kumbuyo kuti adumphedumphe zitsulo zikhazikike, ndipo bambo anazungulira nawo kamsewu ka fumbi kawiri. Anayezanso ndi kansungwi, uku ndi uku chimodzimodzi. Sanakhutire. Anaitanitsa beseni la madzi, analidzaza mpaka pakamwa n'kuliika pakati pa bode, ndipo madzi sanatayikire kumanja kapena kumanzere. Kungoti kumbuyo konse kunali kutakwera kuposa kutsogolo, galimoto itaima ngati nkhuku ikujompha chimanga. Iye anati zimenezo n'zabwino, ikasenza katundu izikhala yowongoka. Mtima wanga unakhala pansi koyamba m'masiku onsewo. Ndinati basi zatha, mawa a ku Jali adzapeza galimoto yabwinobwino, ine osatchulidwa.

Koma bambo anatola zidutswa zija n'kufunsa chimene chinathyola. Che Amidu anawaonetsa pothyokapo. M'mphepete munali kadzimbiri, kusonyeza kuti kamng'alu kanalipo kale, koma kwina konse kunali kowala. Anati chitsulo chotere sichithyoka ndi bokosi la munthu mmodzi, galimotoyi inagwera m'dzenje itasenza katundu wolemera. Bambo anakana. Anati chiyambire kuyendetsa sanagwerepo m'dzenje, ndipo wina woigwira galimotoyo palibe. Che Amidu anangotambasula manja n'kunena kuti iye akuwerenga zomwe chitsulo chalemba. Bambo anatembenuza zidutswa zija m'manja. Kenako anayankhula motsitsa, ngati akudziuza okha: "Ndiye mawa akandifunsa kuti chathyola n'chiyani, ndikati sindikudziwa, adzati n'kulemera kwa malemu. Adzatinso tawongola kuti tibise. Mwana uja apitabe."

Sindikudziwa kuti mawu anatuluka bwanji. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Ababa, ndine." Misozi inabwera pambuyo, yambiri, pamodzi ndi mamina. Ndinanena zonse, za mwala, za giya, za dzenje, za tsache, mpaka za dothi lija. Anyamata a pagalaja anasiya ntchito n'kumandiyang'ana. Ndinkadikira mbama, ndipo kunena zoona ndinkaifuna, kuti mwina ndipepukidwe. Sinabwere. Bambo anakhala pansi pa chitsa, anavula chipewa n'kuchiyang'ana mkati. Kenako anati, "Mawa ukanena wekha, pamaso pa onse." Che Amidu anakulunga zidutswa zija m'chisaka n'kundipatsa. "Nyamula, mwanache, umboni wako ndi umenewu," anatero. Ulendo wonse wokwera phiri ndinazifungatira pamiyendo.

Loweruka m'mawa kunazizira kwambiri. A ku Jali anafika asanu, amuna atatu ndi amayi awiri, ndipo mayi anawayalira mphasa pabwalo pathu. Anthu a m'mbali anabwera osaitanidwa, amayi a kumsewu aja anaima kuseri kwa mpanda wa maluwa. Amake Tobiyasi anakhala paokha, atamukumbatira mwana mwamphamvu moti ankalira kufuna kutsika. Amalume a malemu, bambo wamtali wa jekete lakuda, anazungulira galimoto n'kunena kuti iwo anamva kuti ndi yopendekeka, nanga yawongoka liti? Bambo anati dzulo, ndipo wofotokoza ndi uyu. Ndinagwada pakati pa bwalo, n'kutula zidutswa zija pa mphasa. Ndinanena zonse mpaka kumapeto.

Amalumewo sanali munthu wongomeza nkhani. Anati ndiwalondolere kudzenje. Anatsikiramo n'kupeza mwala umodzi utasweka pakati, kusweka kwatsopano. Anati ndiwaonetse dothi lomwe ndinaunjika, anafukula ndi nsapato n'kuona kuti ndi lochita kuthira. Kenako anati ndikwere pampando ndiwaonetse mmene ndinapondera buleki. Nditatsetsereka kuti miyendo ifike, mutu wanga unasowa pawindo, ndipo wina kuseri kwa mpanda anaphulika n'kuseka, ena n'kutsatira. Amalumewo anadzigwira. Anabwerera pamphasa, anakambirana ndi anzawo chapansipansi, kenako anati nkhaniyi ndi ya mwana ndi giya, iwo sangalande mwana wa munthu chifukwa cha chitsulo. Mayi mmodzi wa ku Jali anang'ung'udza kuti nanga anamutuma mwanayu ndani kuti akagwire giya tsiku limenelo.

Anthu atabalalika, mayi anandiuza kuti ndipite kumunsi ndikapepese. Ndinawapeza amake Tobiyasi atakhala pakhomo, mwana akuyamwa. Ndinagwada chapatali. Ndinkaganiza kuti andikalipira, kapena andithamangitsa. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso ofiira, n'kunena mofatsa kwambiri, "Masiku khumi ndi awiri, Delifa. Tsiku lililonse unkabwera, ine n'kumakumangirira mwana wanga kumsana." Tobiyasi atandiona anatambasula manja kuti ndimunyamule, koma iwo anamutembenuzira kubere linalo.

Amayi a kumsewu anayambanso kukwera galimoto Lolemba lotsatira, ndipo ankaiyamikira kuti tsopano ikusenza madengu ambiri osagunda pansi. Koma timatebulo tawo sanatibwezere pakona paja. Nkhani ya galimoto inatha, ya mchere ija inatsala m'makutu mwa anthu. Mvula isanagwe amake Tobiyasi anamanga katundu wawo n'kupita kwawo ku Phalombe ndi mwana wawo. Bambo ndiwo anawaperekeza kudepoti. Sindinawaonenso.

Lero phiri lija linasintha. Mitengo ya paini yambiri inapita, mapikiapu a matola anachepa, anthu akukwera ndi kutsika pa njinga zamoto. Ine ndili ndi pikiapu yangayanga yonyamulira mazira, ndipo chaka chatha itayamba kutsika kumbuyo ndinapita nayo kugalaja ya m'tauni. Masipuling'i anabwera atsopano, awiriawiri, mnyamata anayeza ndi tepi, pasanathe maola atatu ndinali nditabwerera kunyumba. Kuwongola galimoto kunaphweka. Nkhani zonena anthu ndiye zinafulumira kuposa kale, masiku ano zimayenda pafoni, ndipo palibe mphasa imene mungasonkhanitsepo onse amene anamva. Ana anga amadandaula kuti ndine mayi wovuta, chifukwa wina akaswa kapu n'kundiuza nthawi yomweyo ndimangoti sesa, koma akabisa mpaka mawa ndimakalipa ngati wawotcha nyumba. Sadziwa chifukwa chake. Tobiyasi pano ayenera kuti ndi bambo wa ana ake, ndipo sandidziwa. Amake ngati ali moyo, ndikhulupirira kuti akumandikumbukira, ndipo sindingawadandaule ngati sakumbukira zabwino.